Mizere ya mkamwini ku Kabwata

Amayi Winifred Daka anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete atakulunga khasu m'chitenje, anthu m'basi n'kumawaseka kuti m'tauni akalima phula. Amuna awo, a Ezekiel, anali mesenjala, ndipo akaweruka ankapita kusukulu ya akuluakulu. Akabwerako kunyumba ku Kabwata sankalola munthu kudya mwamtendere. Ankangofotokoza za anzeru akale a ku Ulaya amene analemba kuti munthu amabadwa ndi ufulu wake boma lisanamudziwe n'komwe, kuti moyo ndi wake, manja ndi ake, ndipo chimene wathirapo thukuta chimasanduka chake.

"Nanga zamene izo mpaka kuyendela kusukulu?" ankatero Amayi Winifred. Koma mawuwo anawasunga, makamaka a thukutawo.

A Ezekiel anamwalira dziko lili m'manja mwa chipani chimodzi, ufa ukusowa m'masitolo moti anthu ankapsa ndi dzuwa pakhomo pa sitolo n'kubwerako chimanjamanja. Pafupi ndi nyumba yawo, pakati pa msewu ndi ngalande, panali malo otayako zinyalala. Mayiwa anatola magalasi osweka, nazula miyala, nadzala chimanga. Palibe anawapatsa malowo, palibenso anawafuna. Ana awo anakulira chimanga chimenecho.

Mnyamata wina, Amock, atafunsira mwana wawo Helen, mayiwa anaumirira mwambo wa kwawo: mkamwini ayambe waonetsa mphamvu m'munda mwa apongozi, kaya ndi m'tauni. Amock, wobadwira m'Lusaka momwemo, anagwira khasu ngati limuluma. Manja anatuluka matuza, ndipo mizere yake ya m'mphepete mwa ngalande inakhota mochititsa manyazi. Komabe chaka ndi chaka ankabwera kudzailima yekha, osatumidwa, ndipo apongozi anamukonda ngakhale sankamuyang'ana kumaso.

Kenaka kunamveka lamulo lakuti chimanga cha m'tauni chimabisa akuba ndi kuswetsa udzudzu, choncho chitchetchedwe. Tsoka lake, kapitawo wa otchetchawo anali Amock. Ntchitoyo anaipeza movutikira, nyumba imene ankakhala inali ya pantchito, ndipo Helen anali ndi pakati.

Lole inafika m'mawa wina wa Febuluwale, chimanga chitangotulutsa ndevu. Kutsogolo kunakhala bwana wina woonetsetsa kuti ntchito yagwirika. Amock anatsika, nagwada chapambali, nkhope atalozetsa kungalande.

"Amai, nachita kutumiwa," anatero. "Nikakana nchito yasila, na mu nyumba bazatichosa."

Amayi Winifred anayang'ana munda wawo, mtima ukuwawa ngati tsiku la maliro a amuna awo. Mmenemo munali chakudya cha chaka chonse. Anadziwanso kuti mkamwini wogwetsa chimanga cha apongozi ake sadzadyanso pakhomo pawo mtima uli m'malo.

"Ba Amock, imani, muzadetsa thalauzi. Nipaseni chikwakwa."

Anamanga chitenje molimba nalowa m'munda. Anatchetcha okha, phesi ndi phesi, misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Mmodzi wa otchetcha atafuna kuwathandiza, anamubweza. "Nabyala neka, nizagwesa neka. Dzanja ya munthu wina siizagwila pano." Bwana uja anangoyang'ana kumbali, poti chimanga chinali kugwa ndithu, ndipo lamulo silinanene za wochigwetsa.

Atafika pa mizere yokhota ija anaima, naika chikwakwa pansi.

"Iyi siyanga. Munalima ndimwe. Malemu anali kukamba kuti thukuta ili na mwine wake."

Amock anatola chikwakwacho nagwetsa mizere yake, akulira poyera ngati mwana, anyamata ake ali zyoli. Atatha anatola tichimanga tomwe tinali tisanakhwime, nakatitula pakhomo pa apongozi, nakwera lole osatsanzika.

Miyezi yonse ya chilimwe sanapondeko ku Kabwata. Helen anabwera yekha kudzaonetsa khanda. Mayiwa, amene tsopano ankaima nawo pasitolo kudikira ufa, ankamusowa mkamwini wawoyo.

Mvula yoyamba itagwa, analawirira kumalo kuja ndi khasu lawo la ku Katete, mbewu atamanga pansonga ya chitenje. Anapeza munthu wawatsogolera kale. Amock anali m'mphepete mwa ngalande, nsapato atavula, akuunda mizere. Inali yokhota ngati kale.