Madzi a sopo a mbawa yanga

Chigubu chija chinali chachikasu, chomwe kale munkakhala mafuta ophikira, ndipo chivindikiro chake ndinachiboola ndi msomali wamoto. Ndinachinyamula chilimwe chonse cha chaka chomwe ndinali mu Sitandade 6.

Aphunzitsi athu anali munthu wa mabuku, wolankhula mokoma ngati wa pawailesi. M'dzinja anatipatsa aliyense mbande ya mbawa kuti tidzale kuseri kwa kalasi. Chilimwe chitafika mpope wa pasukulu unauma, iwo n'kulamula kuti madzi othirira tizichokera nawo kwathu. "Munthu azidzidalira," ankatero. Mawu ena omwe ankawakonda anali akuti, "Chikumbumtima chikakuuza zoona, nena, ngakhale pamaso pa wamkulu." Ife tinkalemba m'makope n'kudula mzere kunsi kwake. Ndikawakumbukira lero ndimapsa mtima. Sikuti mawuwo anali abodza, koma mwini wakeyo sanafunseko n'kamodzi komwe kuti kwathu komwe ankanenako kunali kwa yani.

Kwathu kunali kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya abwana ku Area 47, komwe amayi ankagwira ntchito yochapa ndi kukolopa. Mpope, chitseko, ngakhale msomali womwe ndinkakolekapo yunifolomu, zonse zinali za eni ake. Akanangowachotsa ntchito amayi, tikanabwerera kumudzi, sukulu yanga n'kuthera pomwepo.

M'mawa wina mu Okutobala adona, akazi awo a abwana, anandipeza ndikutunga pampope wa panja. Kunja kwa mpanda kunali fumbi lofiira lokhalokha, koma mkatimo paipi inali kuthirira kapinga wobiriwira kuchokera m'mamawa. Anandiuza kuti madzi a pakhomo pawo sayenera kutuluka pageti. Ine mutu utadzaza ndi phunziro lija, ndinayankha osaphethira.

"Kapinga wanuyu amamwa tsiku lonse koma sathandiza munthu. Mtengo wanga ukungofuna chigubu chimodzi."

Amayi anatulukira kuchokera kochapa, thovu lili m'manja, n'kugwada pamiyala ya kwale yomwe anamwaza poimika galimoto. "Pepani adona, ndi mwana uyu, sadziwa chimene akunena." Anabwereza mawuwo kangapo, maso ali pansi. Adona anangoti ndikadzagwiranso mpopewo tilongedze, n'kulowa m'nyumba. Amayi atadzuka, miyala inali itasiya timaenje m'mawondo mwawo.

Ndinachita manyazi tsiku limenelo, koma manyaziwo ndinachitira amayi, osati pakamwa pangapa. Mumtima ndinawatcha amantha. Si aphunzitsi anati munthu asagonje pa zoona? Ndinakhala masiku awiri osawalankhula amayi, kamwana kodyera m'mbale yomwe mawondo amenewo anaipulumutsa. Ndikanakapeza lero kamtsikana kameneko ndikanakakoka khutu.

Tsiku lachitatu amayi anandiuza kuti popita kusukulu ndikayang'ane kuseri kwa maluwa a kunja kwa geti. Ndinapeza chigubu changa chili chodzaza, madzi ake otuwa, onunkhira sopo. Anali madzi otsukuluzira zovala za adona. Amayi ankawasunga m'beseni kuseri kwa thumba la makala, ndipo m'mawa uliwonse ankatulutsa chigubucho pageti chitabisika m'dengu la zinyalala. Adona akanangovundukula dengulo kamodzi, zathu zikanathera pamenepo. Ine m'malo mothokoza ndinadandaula kuti sopoyo andiphera mtengo.

"Kathirire, uchedwa," ndi zokhazo zomwe anandiyankha.

Pomwe mvula yoyamba inkagwa, mbande zambiri zinali zitasanduka timitengo touma. Yanga inali ndi masamba. Aphunzitsi anandiimika kutsogolo kwa kalasi, dzanja lawo lili paphewa panga, n'kunena kuti, "Onani munthu wodzidalira." Anzanga anaomba m'manja, ine n'kufufuma ngati finye. Bambo ameneyo anawerenga mabuku onse aja, koma sanadabwe kuti mwana wa m'kachipinda ka wantchito madzi ankawatenga kuti. Inenso, katswiri wonena zoona uja, dzina la amayi silinatuluke pakamwa panga.

Madzulo ndinawapeza atawerama pabeseni, akufinya nsalu za pabedi za adona. Ndinawafotokozera zonse, mpaka mawu a aphunzitsi aja. Sanadzutse mutu, anangoti, "Wachita bwino, mwanangu." Ndinawasiya akuthira madzi otsala m'chigubu, n'kulowa m'kachipinda kaja ndikukhulupirira ndithu kuti pakhomo pathu wolimba mtima ndinali ine.