Lachi... Lachiyani?

Aliyense amene ankapikula matimati pa Boma la Chiradzulu zaka zimenezo amawadziwa a Ignasio Nampuluma, mesenjala wa kalabu ya alimi ya Tigwirane Manja. Anali bambo wamfupi, wobadwira ku Milepa, wa imvi m'mbali mokha. Sukulu analekezera Sitandade 6, koma chonyadira anali nacho: zaka khumi ndi chimodzi ali pa ntchito, uthenga woperekedwa kwa iwo sunatayikepo ngakhale umodzi.

Vuto linali loti munthu ndi mmodzi. M'mawa ankadikira foni pa desiki, masana n'kukwera njinga kukazungulira alimi. Foni ikalira masana inkangolirira makoma.

Mu Ogasiti 2001, matimati atayamba kufiira m'madimba, mlembi wa kalabu, mayi Selestina, anachokera ku Limbe ndi kabokosi kakuda: makina oyankha foni, okhala ndi kakaseti kakang'ono ngati machesi.

"Awa azikugwirirani ntchito mukachokapo, a Nampuluma."

"Chinyanja amachidziwa?"

"Muwaphunzitsa ndinu."

Kumbuyo kwa makinawo kunali timabowo tiwiri tofanana ngati mapasa. A Nampuluma anazula chingwe chochokera kukhoma pa foni, n'kuchilowetsa m'kabowo kamodzi. Kachingwe kakafupi kobwera ndi makinawo anakalumikiza kuchokera pa kabowo kenako kupita ku foni. Ananyamula foni: zii.

"Mwaipha," anatero mayi Selestina.

"Yangokomoka."

Atavala magalasi anaona kuti pamwamba pa kabowo kalikonse pali kachithunzi, kena ka foni, kena ka khoma. Anasinthanitsa zingwezo, n'kuika pulagi ku magetsi. Foni inayambanso kung'ung'udza, kanyali kofiira n'kuyaka. Kunatsala kujambula mawu olandirira woimba. Anakonza kolala, n'kudina batani.

"Moni, moni. Kuno ndi ku Tigwirane Manja. Muli bwanji?"

Sabata imeneyo ankadikira foni ya a Twaha Mdoka, wogula wamkulu wa ku Limbe, yonena tsiku lobwera lole. Kuthyola msanga, matimati awolera m'madengu. Kuchedwa, lole ibwerera yopanda kanthu n'kukagula kwina. A Twaha analibe foni yawoyawo. Ankaimbira pa byuro ya mafoni olipira masana akatuluka mumzikiti, ndiye kuwaimbiranso kunali kosatheka.

Lolemba madzulo a Nampuluma anapeza kanyali kakuphethira. Anadina, mawu a a Twaha n'kumveka.

"Ndili bwino, kaya inu achimwene? Halo? Kunyumba kuli bwanji? Mayi a ana mwendo uja unapola? A Nampuluma? Mwandikwiyira kodi? Iii, chabwino. Za lole ija, tibwera Lachi..." Pii!

A Nampuluma anakhala pansi. Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu: masiku anayi, onse oyamba mofanana. Anabwereza kasetiyo kasanu, khutu atagunditsa, koma kachidutswa kotsalako sikanatuluke. Uthenga woyamba kutayika m'zaka khumi ndi chimodzi, wotayika theka lokha.

M'mawa mwake anabwereka wotchi ya mayi Selestina n'kuyeza. Makinawo ankapatsa munthu masekondi makumi atatu basi. Moni wa a Twaha anali atadya makumi awiri ndi asanu ndi awiri.

"Wolakwa ndinu," anatero mayi Selestina. "Mwafunsa munthu kuti muli bwanji, mumati asayankhe? Fufutani. Mungoti siyani uthenga."

"Osapereka moni? Ndinakulira kutchire ine?"

"Ndiye mukadye nokha matimati owolawo."

Kukhala pa ofesi masanawo sikukanatheka, chifukwa alimi a ku Milepa ankadikira madengu. A Nampuluma anakokera makinawo pafupi. Kenaka anadina batani.

"Moni a Twaha ndi ena nonse. Ine ndili bwino. Mayi a ana mwendo unapola, ana ali kusukulu, mbuzi zikudya. Inunso ndikukhulupirira kuti mwaswera bwino. Amene mukumumvayu si ine, ndi kaseti. Pakalira pii, tchulani tsiku kaye, moni pambuyo."

Madzulo anapalasa njinga ngati mnyamata kubwerera ku ofesi. Lole sinali itabwera, ndiye kuti Lachiwiri lachoka, atsala atatu. Kanyali kankaphethira. Anadina, wotchi ili m'manja.

Kunamveka kuseka. A Twaha ankaseka mpaka kutsokomola, akuitana anthu a pa byuro kuti adzamve za mbuzi. Masekondi khumi. Makumi awiri. A Nampuluma thukuta kamukamu.

"Nenani, bambo inu, nenani!" anakuwira kabokosiko.

"Lachinayi! Lachinayi m'mawa! Koma achimwene, mbuzi zimenezo..." Pii!

Lachitatu lonse alimi anathyola, ndipo Lachinayi lole inachoka itadzaza mpaka matayala kuphwatalala. A Twaha asanakwere analowa mu ofesi, n'kuima patsogolo pa desiki, manja kumbuyo.

"Mnzanu wamwano uja ndi ameneyu? Wodula akuluakulu pakamwa?"

"Muzimukhululukira, ndi watsopano pa ntchito," anatero a Nampuluma, akupukuta fumbi pa kabokosiko ndi mpango wawo. "Za mbuzi zija munkafunsa, khalani pansi ndikuuzeni bwinobwino."