Mzere Umene Ndinakhotetsa ku Mlolo

Zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ine ndinali mlangizi wa thonje ku Mlolo. Abwana anandipatsa mapu kuti ndikopere malire a madera a alangizi. Poyang'ana, mudzi wa Esinati, mtsikana amene ndinkamufuna, unagwera m'dera la mnzanga Fole, wosakwatira, wanjinga yatsopano. Ndinangopendeketsa pensulo, mzere n'kuzungulira mudziwo, n'kulowa kwanga.

"Bwanji apa pakhota chonchi?" anafunsa abwana.

"Pali khwawa, bwana," ndinatero, chonsecho kumeneko kulibe ngakhale ngalande.

Sindinadziwe kuti mapu omwewo ndiwo adzagawire misika. Mudzi wonse unayamba kusenza thonje padzuwa kupita kumsika wakutali, kusiya wapafupi umene ankauona ali pakhomo.

Esinati ndinamukwatira. Apongozi anga chaka chilichonse ankatukwana chitsiru chimene chinajambula mapuwo. Tsiku lina akumanga thonje anandifunsa, "Akamwini, inu mumagwira komweko, chitsiru chimenechi simuchidziwa?"

"Anachisamutsira kumpoto, bambo," ndinayankha maso ali pansi.

"Bola, chikazunze ena," anatero, n'kunditwika mtolo waukulu wa thonjelo.