Kamphete ka pa mwendo wa pumbwa

Ndinali ndi zaka khumi chilimwe chomwe ndinachotsetsa abambo ntchito. Tinkakhala ku Rosebank, ku Joni, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wokalamba, komwe abambo ankasamala maluwa ndi kapinga. Madamuyo ankakonda mbalame kuposa anthu. Loweruka lililonse nyengo ya mvula ankalawirira kudambo la kunja kwa tauni atakolekera magalasi oonera patali m'khosi, ndipo ife sitinkadziwa chomwe ankakachita.

Ine ndinali ndi legeni yomwe ndinabwera nayo kuchokera ku Ntcheu. Abambo anali atandiletsa, koma mapichesi atapsa apumbwa ankachita phwando mumtengo, dzanja langa n'kumayabwa. Masana ena madamu atachoka ndinaponya kamodzi kokha, pumbwa n'kugwa pa kapinga. Nditamutola, akadali wofunda, ndinaona kamphete kachitsulo pamwendo, kolembedwa manambala.

Ndinathamanga nako kwa abambo ndikuyesa adzandiyamikira. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi pa wilibala.

"Mwana iwe watipha," anatero motsitsa mawu. "Iyi ndi thiraka, ngati ija amaika m'galimoto kuti adziwe komwe ili. Mbalameyi ndi ya boma. Panopa maphoyisa akudziwa kale pomwe yafera."

Apolisi ankawaopa chifukwa pemiti yawo yokhalira m'dzikomo inali itatha kalekale, ndipo aliyense wa kwathu ankadziwa za anthu ogwidwa pamsewu n'kutumizidwa kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Amayi anawapempha kuti angomufunsa madamu.

"Ndimufunse chiyani? Akaitana apolisi kuti afotokoze, ayamba ndi mbalame kapena ndi ine?"

Sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anachotsa kamphete n'kukwirira pumbwa pansi pa manyowa, tinalonga katundu m'zikwama ziwiri, madamu asanabwere tinali kale pa Park Station kudikira sitima. Kamphete anakaponya pawindo la sitima. Ine ndinalira njira yonse mpaka ku Orange Farm, komwe amalume anatipatsa ngodya ya mkhukhu wawo, kanyumba ka malata okhaokha.

Kumeneko abambo sanapezenso ntchito yokhazikika. Ankaima pamphambano ndi fosholo kudikira maganyu, masiku ambiri n'kubwerera manja lende. Ine ndinakhala chaka chathunthu osapita kusukulu. Galimoto ya polisi ikadutsa ndinkabisala kuseri kwa chimbudzi, ndikudziwa kuti ikufuna ineyo.

Ndili ku sekondale, aphunzitsi anatitengera kumalo osungira zachilengedwe. Tinapeza anthu atatchera maukonde opyapyala, akukola mbalame, kuziyeza, kuziveka timphete n'kuziulutsa. Ndinafunsa mayi wina mwa iwo chomwe chimachitikira munthu wopezeka ndi mbalame yakufa ya mphete.

Anaseka. Anati kamphete kalibe waya kapena batire, ndi nambala chabe yodziwira komwe mbalame yayenda ndi zaka zomwe yakhala. Wokapeza akawauza, amamuthokoza.

Ndinakhala pa udzu mutu uli ziii, anzanga akuthamangitsa agulugufe.

Zaka zambiri ndinkakwiyira abambo chifukwa cha umbuli. Lero ndikuona kuti sunali umbuli. Yankho linali pakhomo pomwepo, kwa madamu wodziwa za mbalame uja, koma munthu wopanda mapepala amaopa ngakhale kufunsa funso. Abambo anabwerera ku Ntcheu ndipo mpaka pano amauza anthu momwe anapulumutsira banja lawo ku Joni. Ine sindinawauze zoona za kamphete kaja.