Chaka Chimene Damu Linadya Nazale ya Amayi

Keni ya amayi inali yachitsulo, yobinyika pamimba, ndipo chogwirira chake anachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga kuti chisamawadye manja. Mpaka lero ndimamvabe kulira kwake ikamagunda pamwendo pawo popita kudambo m'mamawa. Mbewu ya fodya, tinjere tochepa ngati fumbi, ankaithira m'keni momwemo pamodzi ndi madzi, n'kuvundula ndi kamtengo, kenako n'kumwaza pamabedi. Palibe amene ankaloledwa kuigwira keniyo, ngakhale ine mwana wawo mmodzi yekha.

Chinali chaka cha makuponi. Bambo anali atamwalira dzinja lapitalo, ndipo kwa nthawi yoyamba dzina la amayi linatuluka pa anthu olandira feteleza wotsika mtengo. Matumba awo anawasanjika kuchipinda pa njerwa, moti nyumba yonse inkanunkha kafungo kolasa m'mphuno. Amayi sanali munthu wobisa mawu. Anandiuza tikupalira mabedi kuti fodya wa chaka chimenecho ndiye adzatisunge pamudzi. “Akakanika uyu, ndipita ku utenanti, iwe utsala ndi amalume ako.” Ine ndinangoti eya, maso ali pa ziwala.

Kumunsi kwa dimba lathu kunali damu lakale la esiteti imene inatsekedwa ine ndisanabadwe. Khoma lake linali litagumuka pakati, ndipo mtsinje unkangodutsa pamenepo. Pansi pa khomalo panali kanyumba kopanda denga, m'kati mwake muli gudumu lachitsulo lodzala dzimbiri. Akuluakulu ankati kale madzi ankagwera pa gudumulo kudzera m'payipi, gudumu n'kuzunguza makina, nyumba ya mwini esiteti n'kuyaka magetsi. Ife ana tinkapitako kukasaka mbewa basi.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anali atabwera kumene kuchokera ku Mtunthama komwe ankakonza zigayo. Anali munthu wosatha kudutsa chitsulo chakufa osachigogoda. Njinga zawo zonse zinali zosatha kukonza, wailesi ili m'mbale zidutswazidutswa, koma pakamwa Mulungu anawapatsa. Atangoliona gudumu lija, tulo tinawathera. Anakopa aphunzitsi athu a sitandade faifi, amene ankadandaula kuti ana a kuno amalephera mayeso chifukwa chowerengera koloboyi. Awiriwo anagwirizana kuti adzutse makinawo ndi kukokera waya kusukulu.

M'chilimwe chonsecho amalume ankakhala m'kanyumba kaja. Ankapala dzimbiri, kuthira girizi, kusoka lamba kuchokera ku tayala lakutha. Ankabwera kwathu manja ali bii, akununkha oyilo, n'kudya osasamba bwinobwino. Anthu a m'mudzi anatseka pogumuka paja ndi miyala ndi dothi la pachulu. Madzi anayamba kusonkhana, koma atatsegula payipi gudumu linangotembenuka mwaulesi, n'kuima. Aphunzitsi anati vuto ndi dziko lathuli, n'lathyathyathya, madzi alibe pogwera. Mankhwala ake anali kukweza khoma.

Anapempha matumba akale a feteleza khomo ndi khomo, kuti adzazemo mchenga n'kusanja pamwamba pa khomalo. Apa ndi pamene amayi analankhula. Ndikukumbukira atagwada pakhonde, amalume ali pampando. “Achimwene, madziwo akakwera, sadzafika ku mabedi anga?” Amalume anaseka n'kuonetsa dzanja kuyambira pachigongono mpaka kunsonga za zala. “Tikukweza chonchi basi, mlongo wanga. Mabedi ako ali kutali.” Amayi sanabwerezenso. Kwathu mlongo satsutsana ndi mwini mbumba pa nkhani ya malo, ndiponso maliro a bambo anayendetsa ndi amalume omwewo. Madzulo ake amayi anatulutsa matumba awo akale, nasoka okha pamene panali pobooka.

Lero ndikudziwa chimene anthu aja anaiwala, ngakhale anabadwira pompo. Kumapiri ukakweza khoma, madzi amakwera m'mwamba. Kwathu kuchigwa alibe kokwera, amangoyenda chammbali, ndipo mkono umodzi pakhoma umameza dambo lonse. Sindinganene kuti amalume anali oipa mtima. Maso awo anali pa gudumu, kumbuyo sanacheuke.

Mbande za amayi chaka chimenecho zinali zosiririka. Zinali zobiriwira, zonenepa, masamba ake omata m'manja, zitangotsala pang'ono kuwokeredwa. Ndiye kunagwa mvula yoyamba, yamphamvu, yochokera cha ku Lifupa. Kutacha tinapita kudambo, amayi atanyamula keni mwachizolowezi. Tinapeza madzi ofiira ali nde, kuchokera kukhoma mpaka kupitirira dimba lathu. Udzu umene tinafunditsa mabedi unkayandama pamwamba. Amayi analowa mpaka m'mawondo, napisa dzanja pansi, natulutsa mbande zodzaza chikhatho, zamatope, zothyokathyoka. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira.

Tili chiimire choncho, kumunsi kunamveka nthungululu. Gudumu linali litayamba kuzungulira.

Ndinawasiya amayi m'madzimo n'kuthamangira kukhoma. Ndinali mwana, ndipo kumene kuli phokoso ndi kumene mwana amapita. Lamba ankalira phwa phwa phwa, madzi akuthovoka pansi pa kanyumba, amalume akuvina atanyowa thupi lonse. Dzuwa litapendeka mudzi wonse unakhamukira kusukulu. Aphunzitsi anakhudzitsa mawaya awiri, ndipo babu limodzi lolendewera pa mtanda wa denga linayamba kufiira, kenako linayera. Linkaphethira ngati diso la munthu wodwala malungo, koma kwa ife linali dzuwa. Pa anthu onse a m'mudzi, amayi okha ndi amene sanabwere.

Amalume anabwera kudzapepesa patapita masiku, atanyamula nkhuku. Anati akawapezera mbande kwa anzawo. Anapezadi, koma zinali zotsalira za eni ake, zazitali ngati udzu, zina zachikasu. Amayi anawokera mochedwa, nathira feteleza wawo yense wa kuponi uja. Fodya anakula monyinyirika, masamba opyapyala, ndipo m'chigafa munatsala malo ambiri opanda kanthu. Wogula wa pamsewu anangomugwira ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. Nkhuku ija amayi sanaiphe, inangokhala pakhomo mpaka inagwidwa ndi chitopa.

Nthawi yonseyo babu linkayaka. Madzulo aliwonse tinkakhala pansi pake, ngumbi ndi agulugufe zikutigwera m'makope, aphunzitsi akutiyesa masamu. Ndinayamba kukhoza bwino, n'kumabwera kunyumba ndi nkhani za magetsi zokhazokha. Amayi ankamvetsera akusoka fodya wawo wochepayo. Popita kutchalitchi ankazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pasukulu, ine n'kumayesa kuti akufuna kuona pamene anagona bambo.

Lole ya esiteti ina ya kutali inabwera kudzatenga matenanti nyengo ya nazale itayandikiranso. Amayi anamanga mapoto ndi bulangete m'chitenje, keni ija anaigwira kumanja. Amalume anaima patali, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Makina awo anagwira ntchito zaka zingapo, mpaka matope a m'minda anadzaza damu, gudumu n'kubwerera ku dzimbiri lake. Amayi sanabwererenso kudzakhala pamudzi. Ankangobwera pamaliro, ndipo kotsiriza anabwera pa awo omwe, ali m'bokosi.

Koma tsiku la lole lija ine sindinkadziwa zonsezi. Chimene chinkandivuta mumtima chinali chimodzi. Amayi atakwera kale, ndinawagwira chitenje n'kunena kuti, “Amayi, mukupita osaliona babu lija.”

Anawerama, nandipukuta kumaso ndi chikhatho chokhakhala. “Uzindionera ndiwe, mwanawe. Uzikhala kutsogolo, pafupi nalo. Ndi fodya wathu akuyakayo.”

Ine ndinaseka, n'kuwauza monyada kuti ayi, aphunzitsi anati ndi madzi.