Anandituma Kukatenga Njerwa Yabodza

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa ndinaipezera pamjigo. Ndinali ndi ana atatu, ndipo bambo awo anali atapita ku Joni, chaka chachiwiri foni yawo osalowa. Ndikupopa madzi, mnzanga Abiti Daudi anandiuza kuti pamsika wathu kwa Nselema akufuna amayi asanu ndi mmodzi okathandiza pa ntchito yomanga shedi ya ogulitsa zamasamba. "Sakufunsa satifiketi iyayi," anatero. "Akufunsa msana." Msana ndinali nawo. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndowa yamadzi sinandifunsepo Chingerezi. Mawa lake ndinalawira, dzina langa linalembedwa lachisanu. Ndinabwerera kunyumba ndikunena Alhamdulillah njira yonse.

Shediyo inali ndi mbiri isanamangidwe n'komwe. Aliyense womanga golosale, chigayo kapena nyumba ya lendi pamsikapo ankayenera kupititsa pulani kukhonsolo n'kulipira chiphaso chomangira. Wopanda chiphaso ankapeza khoma lake litalembedwa ndi penti yofiira. Pamsonkhano akhonsolo anatiuza kuti gawo lina la ndalamazo lizipita kophunzitsa anthu kamangidwe kosatha mitengo, chifukwa mauvuni a njerwa anali atameta mapiri athu mpala. Shedi yathu ikhale chitsanzo, yomangidwa ndi njerwa zosawotcha. Ndiye anthu amene analipira ziphaso ankatiyang'ana ndi diso lofiira. Che Wadi, a golosale yoyandikana nafe, ankaima pakhonde m'mawa uliwonse. "Amao, samalani pamenepo," ankatero. "Simenti mukutayira pansiyo ndi thukuta langa." Tinkaseka, koma iwo sankaseka kwenikweni.

Amene anatiphunzitsa anali Mayi Phiri, a ku ofesi yoona za zomangamanga. Mulungu awadalitse kulikonse ali. Masiku awiri okha, koma zimene anatiuza zili m'mutu mwanga mpaka lero. Dothi lapamwamba lakuda lija mumachotsa, mumakumba katondo wapansi wosakanikirana ndi mchenga. Mumaphwanya zibuluma, n'kusefa pa sefa yawaya yoimikidwa chopendekera. Ndowa khumi ndi ziwiri za dothi losefa, ndowa imodzi ya simenti. Mumatembenuza ndi fosholo zouma katatu mpaka mtundu ufanane, kenako madzi pang'onopang'ono ndi kheni yothiririra, osati kukhuthula. Poyesa, mumafinya dothi m'manja n'kuligwetsa kuchokera paphewa. Likaphwanyika zidutswa zinayi kapena zisanu, lafika. Likamwazika ngati ufa, lauma. Likangophwatalala, mwachulutsa madzi. Kenako mumathira m'chikombole cha makina oumbira njerwa, kutseka chivundikiro, amuna awiri n'kukanikiza mkono wachitsulo uja mpaka pansi. Njerwa imatuluka yosalala, makona akuthwa, yofewa ngati mwana wakhanda. Mumainyamula ndi zikhatho, osati zala.

Mbali yomaliza ndiyo inali yanga. Njerwa imeneyi siifuna dzuwa. Mumaiika pamthunzi, kuifunditsa pepala lakuda la pulasitiki, n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu ndi awiri osadumphitsa. Kenako mumaunjika, ikhale mpaka milungu inayi isanakwere pakhoma. Mayi Phiri anandipatsa kheni m'manja nati, "Simenti imalimba ndi madzi, mayi. Ikauma msanga yafa, ndipo siidzukanso. Onsewa akuumba, koma mwini njerwa ndinu." Anthu anayamba kunditchula mayi wa madzi. Kuchokera pamjigo kufika pamadilamu osungiramo madzi ndinkayenda maulendo osawerengeka, khosi kuchita kuuma, koma mtima unali mbee. Ana anga ankadya kawiri patsiku.

Kapitawo wathu anali a Chimbalanga, ochokera ku Balaka, amene kontilakitala womanga shediyo anabwera nawo. Ndisawanamizire, ntchito yomanga ankaidziwa. Akayala chingwe, khoma linkaongoka ngati nsungwi. Koma moyo wawo wonse anakulira pauvuni, ndipo njerwa zathuzi ankazinyoza poyera. "Njerwa yosalawa moto ndi chigumu," ankatero. Akandiona ndikufunditsa pulasitiki ankafunsa, "Kodi odwala anuwo malungo atsika?" Anyamata a pamakina n'kumagwa ndi phwete. Ine ndinkangoti, "Akupezako bwino, a kapitawo," n'kumapitiriza.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lowotcha mpaka m'mafupa, inakwana arobaini ya malemu mayi anga, sadaka ya masiku makumi anayi. Kwathu ndi kwa Ngokwe, ndipo mwana wamkazi wamkulu ndine. Ndinapempha masiku anayi, a kapitawo anavomera. Panali milu isanu ndi umodzi ya njerwa zatsopano, zina za tsiku limodzi, zina za masiku awiri. Ndinamugwira dzanja Abiti Daudi, amene tinkagwira naye ntchito, n'kumuyendetsa mulu uliwonse. Anandilonjeza kuti azithirira.

Nditabwerako Lolemba m'mawa, ndinaima pachipata osakhulupirira maso anga. Mapulasitiki onse anali atapindidwa bwinobwino, mwala pamwamba. Njerwa zanga zinali zitayalidwa imodziimodzi pabwalo, padzuwa, m'mizere yokongola ngati mmene timayanikira njerwa zamatope zisanalowe muuvuni. Zinali zitayera mbuu. Ndinatola imodzi n'kukanda pakona ndi chikhadabo. Inayoyoka ngati shuga.

Abiti Daudi anabwera maso ali pansi. Akuti nditangochoka, kontilakitala anaimba foni kuti khoma likwere mvula isanayambe, ndipo a kapitawo anamuchotsa pamadzi n'kumuika pasefa. Ndinapita kwa a Chimbalanga.

"A kapitawo, mwazipha njerwa zija."

"Zauma," anandiyankha. "Masiku anayi, gwa! Inu mukanatha mwezi mukuzisambitsa. Ndayamba kuumba njerwa inu musanamere mano, mayi. Njerwa ndi dzuwa."

Ndinayesa kufotokoza za simenti. Anandidula. "Ukatswiri wa masiku awiri usakupwetekeni mutu. Pitani mukatunge madzi."

Ndinapita, koma pamjigo ndinalira ndi ukali. Ndinkaganiza za ndowa zonse zimene ndinasenza, za matumba a simenti amene anafera m'njerwa zimenezo, za anthu amene anadzimana kuti alipire chiphaso. Munthu mmodzi, chifukwa chosafuna kuuzidwa ndi mzimayi, n'kuziwononga zonse akuimba mluzu.

Tsiku lovuta linali Lachitatu. Amisiri anali atayamba kale kututira njerwa zija pamaziko pamene tinamva njinga yamoto. Anali Mayi Phiri, atabwera kudzayesa njerwa khoma lisanayambe. Anapempha chidebe chodzaza madzi, kenako anati, "Mayi wa madzi, nditengereni njerwa ziwiri pa zimene mukufuna kumangira."

A Chimbalanga anandipeza ndisanayende mapazi khumi. Anachita ngati akutola fosholo pafupi nane, n'kunong'ona. "Kuseri kwa madilamu kuli zija zoyamba, zimene munathirira bwino. Tengani kumeneko." Ndinawayang'ana. Anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Muli ndi ana atatu, eti? Zikakanidwa izi, amene anajomba masiku anayi ndinu, osati ine. Ganizani bwino."

Abale anga, sindinamvepo mkwiyo wotero. Sadaka ya mayi anga, imene iwo eni anandiloleza, aisandutse chikwapu chondikwapulira? Ana anga awatchule pakamwa pawo ngati chikole? Komanso ndisakunamizeni kuti ndinali wolimba mtima. Ndinapitadi kuseri kwa madilamu. Ndinagwira njerwa yabwino ija, yozizira, yolemera. Kungoinyamula basi, ntchito ndikhala nayo mpaka denga litakwera. Palibe akanadziwa kupatula ine, a kapitawo ndi Mulungu.

Pamenepo ndinaganiza za amayi amene adzakhale m'shedimo, atatsamira khoma, ana ali pamiyendo, mvula ya Januwale ikumenya kunja. Ambiri ndimawadziwa mayina. Ndinati, "Ya Allah, riziki, chakudya cha ana anga, ndinu mumapereka, osati munthu uyu." Ndinaibweza njerwayo. Ndinadutsa pamaso pa a Chimbalanga, kupita pamaziko, n'kutola ziwiri za pamulu wa amisiri.

Mayi Phiri anakanda imodzi ndi msomali, msomali unalowa. Anaziika zonse m'chidebe, n'kupita kukayeza maziko. Pamalopo ngakhale makina anaima. Anthu a mumsika anayamba kusendera. Mayi Phiri atabwerako, madzi anali atasanduka ofiira. Anapisa dzanja, n'kutulutsa chinthu chopanda makona, chikuyoyoka pakati pa zala zawo.

Che Wadi ndiwo anayamba kukuwa. "Ndi zimenezi munatiletsera uvuni? Tikulipira chiphaso kuti muzitiphikira phala?" Ena anavomereza, phokoso linakula. Mtima wanga unawawa kawiri, chifukwa anthu sankanyoza a kapitawo iyayi, ankanyoza njerwa, pomwe njerwayo inalibe mlandu.

Mayi Phiri anafunsa, "Zinathiriridwa masiku angati?"

"Afunseni a madziwo," anayankha a Chimbalanga, osaphethira n'komwe. "Anatisiya masiku anayi, kupita kokadya mpunga."

Kokadya mpunga! Ndinatembenukira kwa Abiti Daudi. Anayang'ana sefa. Ndinayang'ana amayi enawo, anyamata a pamakina, amisiri, onse amene anayala njerwazo padzuwa ndi manja awo. Aliyense anapeza choyang'ana pansi. Ndiye ndinalankhula ndekha. Chichewa chinkasakanikirana ndi Chiyao, koma ndinanena zonse: tsiku limene ndinachoka, mmene ndinazisiyira, mmene ndinazipezera, ndi zimene anandinong'oneza pafupi ndi fosholo. Kenako ndinathamanga kuseri kwa madilamu, kubwera ndi njerwa yabwino ija, n'kuiponya m'chidebe mwamphamvu mpaka madzi anawathovukira a kapitawo pathalauza. "Iyi ndi imene ndinaithirira ine," ndinatero. "Che Wadi, bwerani muikande nokha."

Anabweradi. Anaitulutsa patapita nthawi, anaikanda ndi msomali, anaigogoda pamwala. Msomali unangosiya kamzere. Anaiika pansi, nati, "Mhm," n'kubwerera kugolosale kwawo. Kwa munthu ngati Che Wadi, amenewo ndi mawu ambiri.

Mayi Phiri analemba kuti milu yonse isanu ndi umodzi yakanidwa, ichotsedwe pamalopo. Asanakwere njinga anandigwira paphewa nati, "Mwachita bwino, mayi." Koma iwo sanali ondilemba ntchito. Fumbi la njinga yawo lisanatsike, a Chimbalanga anandiitana. "Siyani kheni pamenepo. Pano sitigwira ntchito ndi akazitape." Ndinaitsuka kheniyo, kuiika pamalo pake, n'kumapita.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Ntchito inaima milungu iwiri kudikira simenti ina, ndipo amayi anzanga anakhala pakhomo osalandira kanthu. Pamjigo ena anasiya kundipatsa moni. Wina anandiuza pamaso kuti, "Chilungamo chakocho ana athu adya?" Anga nawonso sankadya. Chaka chimenecho tinadutsa ndi maganyu opalira m'minda ya anthu ndi mango owiritsa. Mwana wanga wamng'ono anandifunsa tsiku lina chifukwa chake sindikupitanso kuntchito. Ndinatuluka panja kuti asandione nkhope.

Abiti Daudi anabwera patapita mwezi, atanyamula chinangwa m'nsalu. Anakhala pamkeka, kenako anati, "Ndinaopa, mnzanga." Ndinamuuza kuti inenso ndinaopa. Tinadya chinangwacho limodzi. Iye ndinamukhululukira tsiku lomwelo, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti sanandilande mnzanga pamwamba pa ntchito. Ndi iyenso amene anandiuza kuti ntchito itayambiranso, a kapitawo ankayendera okha mapulasitiki m'mawa uliwonse, kukalipira aliyense wosiya kona yosafunditsa. Njira anaiphunzira, koma kunditumira mawu oti ndibwerere, iyayi. Shedi inatha, ndipo amayi akugulitsiramo mpaka pano.

A Chimbalanga sindinawakhululukire bwinobwino. Ndimayesa. Pa swala ndimapempha kuti mtima wanga ufewe, koma ndikakumbukira mawu aja akuti kokadya mpunga, magazi amawiranso. Kuyanika njerwa padzuwa ndikanawamvetsa, munthu amachita zimene anakulira. Koma kufuna kuti cholakwa chawo chilowe m'khoma kudzera m'manja mwanga, n'kunditchulira ana anga, chimenecho Mulungu yekha ndiye adziwa poti achiike.

Mwana wanga wamkazi wamkulu wayamba ntchito chaka chino, ndipo ndinamuuza chinthu chimodzi chokha chimene ndinatola pamalo paja. Ntchito yolungama, bwana amakutuma mokuwa, aliyense akumva. Tsiku limene adzasendere pafupi n'kutsitsa mawu, udziwe kuti ali ndi katundu wake amene akufuna usenze iwe. Usaweramitse mutu. Njala ya chaka chija inatha, mwanangu, koma khoma lija ndikanalisenza mpaka kumanda.