Kangaude wa Bambo Mfumu

Nthawi ya chipani chimodzi ija ndinali khukhi, wophika kunyumba ya ansembe kuno ku Dedza. Bambo Mfumu, mzungu, ankaweta chikangaude chaubweya chochokera kunja m'bokosi lagalasi, ndipo anatiletsa kuchigwira.

Tsiku lina atapita kukachita Misa kumudzi, ndinafuna kuonetsa chamuna kwa a Nachisale, mayi amene ankatichapira zovala. Ndinachitulutsa n'kumachiyendetsa pamkono, icho n'kundikutumulira ubweya wake. Pofika madzulo mkono wonse unali utatupa, ndikudzikanda ngati galu wautitiri.

Bambo Mfumu atabwerako n'kundifunsa za mkonowo, mantha anandigwira. "Ndi chitedze, Abambo. A Nachisale amayanika zovala patchire."

Analamula kuti zonse zichapidwenso, ndi mabulangete omwe. Munali mu Juni, madzi ake oluma mafupa. A Nachisale sanadziteteze. Anachapa masiku awiri, zala zitachita dzanzi, ine ndikuotha moto kukhitchini n'kumadzola mafuta pamkono.

Pondipatsa malaya anga atawasita bwinobwino, anangoti, "Achimwene, chitedze cha chaka chino chili ndi miyendo."

Ndinaseka, chitsiru ine. Anamwalira ndisanawapepese.